Kumeza ndi Kutsika

Ntchito ya ku Woodlands ndinaipeza kumanda. Kampani ya boma imene ndinagwirako zaka zambiri, pa chipatala chake cha antchito, itagulitsidwa, eni ake atsopano anatipatsa makalata otithokoza n'kutionetsa chipata. Kalata yangayo ndikadali nayo, ndipo dzina langa analilemba molakwika. Kuchokera apo ndinakhala wa maganyu, ndikugonetsa odwala m'tizipatala ta anthu timene tinkamera paliponse mu Lusaka masiku amenewo, lero ku Chilenje, mawa ku Roma, mkuja kunyumba ku Kabwata kudikira foni. Ndiye tsiku lina, tili pa maliro a mnzathu wa kuntchito yakale, achinyamata akukwirira dzenje, sisita wina amene ndinagwira naye kale anandikokera pambali. Anati chipatala china cha ku Woodlands chikufuna munthu wodziwa kugonetsa, chifukwa mwini wake akufuna kuyamba maopaleshoni a mtima.

Ndinakayika pomwepo. Opaleshoni ya mtima si kuzula dzino. Komabe m'mawa mwake ndinasita malaya, ndinanyamula chikwama changa cha mapepala, ndinapita.

Kwa amene sadziwa ntchito yathu, wogonetsa odwala ndi munthu uja amaima kumutu kwa wodwala mu fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Ndiye amapereka mankhwala a tulo, amamupumira wodwala pamene sangathe kupuma yekha, amayang'anira kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pamapeto amamudzutsa. Wochita opaleshoni amatamandidwa. Ife timakumbukiridwa pokhapokha wodwala akapanda kudzuka. Ine sindine dokotala wa ku yunivesite. Ndine kiliniko ofesa amene anaphunzira kugonetsa, ndipo pofika nthawi imeneyo imvi zinali zitayamba kale kundilanda mutu.

Mwini chipatala anali wamalonda wa ku Kabulonga, wolemera ndi masitolo a mankhwala. Aliyense ankangomutcha ba Dairekita. Anandiuza kuti kukubwera mphunzitsi wochokera ku South Africa kudzaphunzitsa anthu awiri kuunika mtima kudzera kummero: ine ndi Dokotala Chanda, mnyamata wa kumpoto, ku Kopabelti, amene anali atangomaliza kumene maphunziro ake a kugonetsa. Amene mphunzitsiyo adzamusainire pepala lakuti ntchito waitha, ameneyo adzakhala. Nditafunsa za amene sadzasainiridwa, anatambasula manja n'kunena kuti, "Tizaona, ba Mwale." Ndinapempha kuti zimenezo azilembe. Anaseka, koma analemba.

Pobwerera ku Kabwata m'minibasi ndinadzifunsa kuti munthu amene ali kale ndi dokotala wachinyamata amafuniranji nkhalamba. Yankho limene ndinapeza linali lakuti ankafuna wowagwirira odwala m'tulo pamene mnyamatayo akuphunzira. Sindinasinthe maganizo amenewo mpaka lero.

Makinawo ndinawapeza ataphimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Ba Dairekita ankati ndi atsopano, koma kumbuyo kwake kunali malo pamene munthu anapala chizindikiro cha chipatala china ndi lumo. Ndinapempha mapepala ake. Anandilonjeza, ndipo ndikudikirabe. Chida chenicheni chinali chingwe chakuda, chonenepa ngati chala cha mkomba phala, chotalika ngati mkono wa munthu wamtali, chokhala ndi mizere yoyera yosonyeza kuti chalowa motani. Kunsonga kwake kunali kachipangizo kotumiza mawu osamveka m'khutu, amene akagunda mtima amabwerera n'kujambula chithunzi pa sikirini. Kuchigwiriro kunali timawilo tiwiri topindira nsongayo, kena kutsogolo ndi kumbuyo, kena kumanja ndi kumanzere. Dzina lake ndi pulobu. Manesi ankalitcha njoka, koma ine ndinawaletsa. Simungauze munthu wamantha kuti atsegule pakamwa njoka ilowe. Tinagwirizana pa dzina lakuti chikoti, limene silinali labwino kwenikweni, koma linakhala.

Chifukwa chodzera kummero n'chakuti njira ya chakudya imadutsa kuseri kwenikweni kwa mtima, zogundana. Ukaunika pachifuwa, nthiti ndi mapapo zimakutchinga. Ukadzera mkati, umauona mtima ngati mmene munthu amaonera nyumba ya mnansi wake atasuzumira pazenera la kuseri: zipinda zonse zinayi, timavalavu tija timatseguka ndi kutsekeka ngati zitseko, ndi magazi akuyenda, ofiira ndi obiriwira pa sikirini malinga ndi kumene akulowera. Pa opaleshoni ya mtima, wogonetsa ndiye amagwira chikoticho n'kumauza wochita opaleshoni ngati valavu imene wasoka ikudonthabe.

Mphunzitsi wathu anali Dokotala Pillay, mayi wochepa thupi, wa tsitsi la imvi, wosaseka pachabe. Sabata yoyamba sanatilole kukhudza munthu. Anandituma ku msika wa Soweto, mu Lusaka momwemo, kukagula mtima wa ng'ombe, n'kuucheka ndi mpeni monga mmene makina amauchekera pachithunzi, kuti tidziwe chimene tikuyang'ana. Ndinapita kambirimbiri, mpaka amayi a pa nyama anayamba kukodolana ndikamafika. Masiku amenewo tauni yonse inali ndi mphekesera za anthu olemera ndi magazi a anzawo, ndiye bambo wovala tayi wogula mitima yokhayokha sakanapulumuka. Wina anandifunsa poyera kuti, "Ba tate, ni tchalitchi bwanji iyi yamene mudya mitima?" Ndinamuonetsa khadi langa la ntchito. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuuza anzake kuti ndi mmene amachitira, amayenda ndi makhadi.

Titachoka pa ng'ombe tinapita pa chidole cha labala, kenaka pa anthu. Dongosolo lake silisintha. Wodwala asadye kuyambira usiku. Umufunse mafunso. Uchotse mano oikirira ngati alipo. Umuike kanula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha, pamkono, umupopere mankhwala ochititsa dzanzi kummero, umugoneke cham'mbali ya kumanzere, umuike kapulasitiki pakati pa mano kuti asalume chikoti, umupatse mankhwala a tulo pang'ono. Ukatero upake chikoti mafuta oterera, uonetsetse kuti timawilo sitinakhomedwe, n'kulowetsa pakati pa lilime pang'onopang'ono.

Pa zonsezi Dokotala Pillay ankalimbikira mafunso. Chikoti chilibe diso kutsogolo. Chimaona cham'mbali, ndipo chimaona mtima, osati njira imene chikudutsamo. Ngati njirayo yapanikizika kapena ili ndi chilonda, nsonga imaboola khoma, malovu ndi zam'mimba n'kuthira m'chifuwa pafupi ndi mtima. Munthu wotero kawirikawiri sadzukanso pabedi. Choncho umafunsa ngati anasanzapo magazi, ngati anachitidwapo opaleshoni ya kummero kapena ya m'mimba, ndiponso ngati amavutika kumeza. Mawu ake amene ankabwereza tsiku ndi tsiku anali akuti, "Chikoti sakankha. Chikakana, bweza."

Ndinene zoona zake: Chanda anali ndi maso abwino. Anakula ndi makompyuta, ndipo chithunzi chotembenuka sichinkamusokoneza. Ine ndinkachedwa kuzindikira kuti chimene chili pamwamba pa sikirini ndi kuseri kwa mtima. Koma kuchedwa kumathetsedwa ndi kugwira, ndipo ine sindinkagwira. Odwala oyenera kuunikidwa chotere anali ochepa, ndipo aliyense akafika, zinkangochitika kuti Chanda wavala kale magolovesi, chikoti chili m'manja, ine ndili kumutu ndi jakisoni. Ndinkapatsidwa chikoti chitalowa kale, kuti ndipinde timawilo pang'ono, ngati mwana amene amamugwiritsa chiwongolero galimoto itaima. Ndinalemba madandaulo kwa ba Dairekita, ndipo kope yake ndinasunga. Sanayankhe. Ndinakalankhula ndi Dokotala Pillay mwini. Iye anati sangandisainire asanandione ndikuchita ndekha kuyambira pakamwa mpaka m'mimba, pa munthu wamoyo. Analonjeza kuti wodwala womaliza, tsiku lakuti mawa lake akukwera ndege, adzakhala wanga.

Wodwala womalizayo anali a Sakala.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. A Sakala anali mphunzitsi wopuma, wa kwathu kummawa, ndipo tonse awiri tinali akulu a mpingo ku tchalitchi chathu cha ku Kabwata. Kwathuko mgonero umayenda motere: mkate umadulidwa timabenthu tating'ono, akulu a mpingo timanyamula mbale kugawira anthu, ndipo tikamaliza timakhala pa benchi la kutsogolo n'kulandira pomaliza, mpingo wonse ukuona. Chaka chimenecho a Sakala anayamba kuidutsitsa mbale. Ankagawira ena bwinobwino, koma ikafika pa iwo ankangoipereka kwa wotsatira, maso ali pansi. Kwathu munthu wosadya mgonero timati ali ndi kanthu pamtima. Akakhala mkulu wa mpingo, kanthuko anthu amakapatsa dzina. Ena ankati kuli mayi ku Chilenje. Ena ankati anayenda kwa asing'anga. Ine sindinanong'one ndi aliyense. Ndinaimirira pa msonkhano wa akulu n'kufunsa, iwo ali pomwepo, ngati n'koyenera kuti munthu azigawa chakudya chimene iye akuchikana. Linali funso la malamulo, ndipo ndikanalifunsa kwa wina aliyense. A Sakala anangoyankha kuti chimene chili pamtima pawo ndi cha iwo ndi Mulungu. Kuyambira tsiku limenelo moni wathu unali wa chipewa chokha.

Chimene tonse tinkadziwa chinali chakuti ankadwala mtima. Ankapuma movutika pokwera masitepe a tchalitchi, ndipo mapazi ankatupa. Valavu ina inkadontha. Mwana wawo Esinati, amene anali ndi sitolo ku Chelstone, ndiye anayenda pansi ndi pamwamba mpaka bambo ake anasankhidwa kukhala m'gulu loyamba la odzachitidwa opaleshoni akadzafika madokotala a kunja. Chotsala chinali kuunika valavuyo ndi chikoti, kuti adziwe ngati isokedwa kapena isinthidwa.

M'mawa wa tsikulo ndinafika msanga. Ndinayendera chikoti chonse ndi chala kufuna ming'alu, ndinayesa timawilo, ndinayesa makina oyamwa malovu ndi botolo la mpweya, ndinakoka mankhwala n'kulemba dzina pa jakisoni aliyense. Chanda anali atawafunsa kale mafunso a Sakala dzulo lake. Anandipatsa pepala n'kunena kuti, "Vonse vili che bwino, ba Mwale, nabafunsa kale. Imwe yambani chabe." Kukoma mtima kumeneko sindinakukonde. Munthu amene wakhala akukulanda chikoti milungu yonseyi sakupatsa njira yosalala popanda chifukwa.

A Sakala anabwera nawo pa njinga ya odwala. Atandiona anatseka maso kanthawi, n'kunena kuti sanadziwe kuti ndine. Ndinati nanenso sindinasankhe. Powathandiza kukwera pabedi ndinamva mafupa a mapewa m'manja mwanga. Kutchalitchi jekete inkabisa. Mapazi anali otupa, inde, koma kumtunda kunalibe munthu. M'dzanja anali atafumbata mpango, ndipo nesi atafuna kuwalanda anakana.

Ine pepala la munthu wina sindilikhulupirira, ngakhale litalembedwa ndi mngelo. Ndinayambanso mafunso onse. Sanadye kuyambira usiku. Sanasanzepo magazi. Sanachitidwepo opaleshoni. Mano onse ndi awo. Kodi amameza bwino? Anati amameza. Zonse zinagwirizana ndi pepala la Chanda. Ndinaika kanula, ndinawagoneka cham'mbali. Dokotala Pillay anaima kumbuyo kwanga atapinda manja, Chanda ali pa makina. Ndinatenga botolo la mankhwala a dzanzi, ndipo nthawi yomweyo a Sakala anameza malovu. Ndinaona kholingo likukwera ndi kutsika. Patapita kanthawi kochepa anabweretsa mpango uja pakamwa, mwakachetechete, ngati munthu wozolowera, n'kulavuliramo.

Munthu amene wameza salavula chimene wameza.

Ndinaika botolo pansi. Ndinawerama n'kufunsa m'chilankhulo cha kwathu, osati cha m'tauni muno chimene chimadula mawu miyendo.

"A Sakala, kumeza mwati mumameza. Nanga chikamezedwa, chimatsika?"



"Kumeza ndimameza, a Mwale. Sindinaname. Koma chimakaima pamtima."

Analoza ndi chala pamene fupa la pachifuwa limathera. Kwathu pamenepo timati pamtima, ngakhale kuti mtima weniweni suli pamenepo. Chilungulira chimaotcha pamtima. Mbatata yodyedwa mofulumira imaima pamtima. Anati dzulo anamuuza Chanda kuti akadya pamtima pamavuta, ndipo iye anagwedeza mutu n'kulemba. Ndinayang'ananso pepala. Zinalipodi, m'Chingerezi: kupweteka kwa mtima akamaliza kudya. Kwa wodwala mtima, mawu amenewo sadabwitsa aliyense.

Ndiye ndinakumbukira mbale ikudutsa pa benchi la kutsogolo.

"Mkate uja?"

"Unabwerera," anatero. "Pa benchi pomwe paja. Ndinaulandira mu mpango, palibe anaona. Ndinapita nawo kunyumba osadziwa kouika. Inu mukanatani? Thupi la Ambuye ndikanalibweza kangati?"

Anandigwira dzanja. Anati Esinati anawachenjeza kuti asamatchule matenda ambiri, chifukwa madokotala a kunja amasankha odwala chinthu chimodzi, ndipo wodandaula zambiri amamusiya. Anati mwanayo wavutika kwambiri kuti afike pamenepa. Anandipempha kuti ndingopitiriza, popeza chingwe si mkate.

Owerenga ena adzafuna kudziwa ngati ndinaganizira za pepala langa. Ndinaliganizira. Linali m'chikwama m'chipinda chovalira, lolembedwa kale dzina langa molondola, likungodikira siginecha. Dokotala Pillay sankamva Chichewa. Chanda ankayang'ana sikirini yopanda kanthu ngati muli mpira. Kaya anamva zimene tinkalankhula, kaya sanamve, sindikudziwa. Chinyanja cha m'tauni ankachidziwa bwino ndithu pokamba ndi manesi. Ndinadziwanso kuti mwina chikoti chikanadutsa popanda vuto, chifukwa nthawi zina chimadutsa. Koma mawu akuti mwina ndi amene amadzaza manda.

Ndinatembenuka n'kumuuza Dokotala Pillay zonse. Sanakweze mawu. Anandiuza kuti ndiwafunse ngati vutolo linayamba ndi zolimba kapena zamadzi, linayamba liti, ndipo tsopano amadya chiyani. Linayamba ndi nyama, kenaka mkate, ndipo panthawiyo ankakhalira phala lamadzimadzi ndi tiyi. Dokotala Pillay anatenga chikoti pathebulo n'kuchibweza m'bokosi lake. Anati mwina ndi mtima womwewo wakula n'kupanikiza njira ya chakudya, zimachitika, koma palibe chimene chilowe kummero kwa bambo ameneyu asanajambulidwe ekisire. A Sakala anatembenukira kukhoma.

Ba Dairekita anafika pasanapite nthawi, atavala gauni ya fiyeta pamwamba pa suti. Kwa Dokotala Pillay analankhula mwaulemu, kufunsa ngati sizingatheke kungoyesa pang'ono, mosamala, popeza madokotala a kunja akuyembekeza zithunzi. Iye anati ayi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mkwiyo wonse unabwera kwa ine, pakhonde, manesi akumva. Anati ndakhala ndikulira chikoti milungu yonse, ndipo atandipatsa ndachita mantha n'kupeka matenda. Anati munthu akakalamba azivomera. Ndinamuuza kuti alembe zimenezo. Ulendo uno sanaseke, ndipo sanalembe.

Koma amene anandilasa ndi Esinati. Anali atakhala pa benchi panja kuyambira m'mawa, ali ndi fulasiki ya phala pamiyendo. Atamva, anaimirira n'kundiyang'ana kumaso, mwana amene ndinamuona akubatizidwa.

"Munayamba kutchalitchi, a Mwale. Munawaimika atate pamaso pa akulu ngati wakuba. Sizinakukwanireni? Mwawatsatira mpaka kuno?"

Ndinayesa kufotokoza za khoma la njira ya chakudya. Anati iye si mwana, akudziwa kuti pamalo pa bambo ake palowa wina, ndipo tsiku lina zidzadziwika kuti winayo ndi m'bale wa yani. Akanakhala bambo anga, nanenso ndikanaganiza chimodzimodzi.

Masana a tsiku lomwelo anawamwetsa mankhwala oyera ngati phala la choko, amene amaoneka pa ekisire, n'kuwajambula akumeza. Dokotala Pillay anapachika chithunzi pa galasi lowala n'kutiitana ine ndi Chanda. Njira ya chakudya inatsika bwino mpaka pakati pa chifuwa, kenaka inaonda ngati mchira wa khoswe, m'mbali mwake muli mokumbika. Sunali mtima wopanikiza. Chinali chotupa. Anaika nsonga ya cholembera pamene panayambira kuondako n'kunena kuti apa ndi pamene chikoti chikanaima, ndipo apa ndi pamene mtima umayamba kuoneka bwino, pamene wophunzira aliyense amafuna kukankha pang'ono kuti afike. Chanda anapukuta magalasi ake nthawi yaitali. Potuluka anandiuza kuti, "Ba Mwale, ine nenze naganiza ati bakamba mutima." Mwina n'zoona. Anthu a kumpoto ali ndi mawu awoawo. Koma dzulo lake, munthu woonda chotero atamuuza kuti akadya pamavuta, sanafunse funso lachiwiri, ndipo wodwalayo sanali wake.

Madzulo ndinatenga pepala langa n'kupita nalo kwa Dokotala Pillay. Anali akulongedza mabuku. Analiwerenga lonse, n'kundibwezera. Anati ndinachita bwino, ndipo akanakonda kuti ophunzira ake onse akhale ndi khutu ngati langa, koma pepalalo likunena kuti wandiona ndikulowetsa chikoti ndi kupeza zithunzi zonse ndekha, ndipo sanandione. Ndinamukumbutsa kuti phunziro lake loyamba linali la kudziwa pamene chikoti sichiyenera kulowa. Anavomera.

"Koma ndimasainira zimene manja achita, bambo Mwale, osati zimene aleka kuchita."

Anati adzabweranso chaka chamawa ndipo tidzamaliza. Sanabwerenso. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ndikanakhala pampando wake, nanenso sindikanasaina. Kukwiyira munthu amene walondola n'kovuta, koma ndayesetsa zaka zonsezi ndipo ndakwanitsa.

Chanda anasainiridwa. Kontirakiti yanga itatha sanaionjezere. Kalata yake imati chifukwa cha kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, ndipo ili m'faelo limodzi ndi lonjezo la ba Dairekita, madandaulo anga osayankhidwa, ndi pepala lija lopanda siginecha. Ndimamva kuti Chanda lero ndi katswiri, ndipo sindikutsutsa. Ine ndinabwerera ku maganyu, kugonetsa amayi obereka ndi anthu othyoka miyendo, mpaka maso atayamba kundikana. Chikoti sindinachigwirenso.

Chimene ndinatuluka nacho ku Woodlands ndi funso limodzi. Achinyamata amene ndagwira nawo pambuyo pake ankandinena kuti ndimakayikira aliyense, ndipo sankanama. Ntchito yathu ndi ya kukayika. Koma ndinkawauza kuti funso la papepala linalembedwa ndi munthu wa chilankhulo china, ndipo wodwala amayankha ndendende chimene wafunsidwa, makamaka akakhala ndi chifukwa choopera. Ukamufunsa ngati amameza, adzati amameza, ndipo sananame. Ufunsenso ngati chimatsika. Akatchula pamtima, umuuze aloze ndi chala.

A Sakala anawatumiza ku chipatala chachikulu cha boma. Za opaleshoni ya mtima zinathera pomwepo, ndipo chotupacho chinali chitapitirira poti n'kuchotsedwa. Anawaika kapaipi kotsegula njira pang'ono kuti zamadzi zizidutsa. Esinati mpaka lero tikakumana m'tauni amayang'ana mbali ina. Iye amawerenga kuti bambo ake analowa m'chipatala ndi nthenda imodzi, n'kutuluka ndi ziwiri, ndipo amene anawapatsa yachiwiriyo ndi ine.

Bambo akewo anandiletsa kuuza mpingo. Anati sakufuna kuti anthu amene ankawapatsa mkazi ku Chilenje ayambe kuwabweretsera malalanje. Ndinasunga chinsinsi, pakuti ndi lamulo la ntchito. Koma mgonero wotsatira utayandikira ndinatenga buku la malamulo a mpingo n'kuliwerenga kuyambira chikuto mpaka chikuto. Limanena za amene ayenera kudya, amene ayenera kugawa, ndi nsalu yophimbira thebulo. Za kukula kwa mkate silinena kanthu.

Lamulungu limenelo anabwera atatsamira ndodo, jekete ikulendewera, n'kukhala pa benchi la akulu ngakhale sanathenso kugawa. Titamaliza kugawira anthu, mbale ya benchi la kutsogolo ndinainyamula ine. Nditafika pa iwo anayamba kutambasula dzanja kuti aidutsitse monga mwa masiku onse. Sindinawapatse mbaleyo. Ndinatsina kambenthu kamodzi, kachidutswa kochepa ngati njere ya mawere, ndinakanyika m'kachikho ka vinyo mpaka katafewa, n'kukaika pachikhatho chawo. Kumbuyo kwanga ndinamva tchalitchi chonse chikuleka kutsokomola.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakaika pakamwa. Ine sindinapitirire kwa wotsatira. Ndinaima pomwepo, pakati pa iwo ndi maso a anthu, monga ndinkaimira kumutu kwa wodwala, ndikuyang'ana kholingo ndi dzanja lija la mpango. Kholingo linakwera, linatsika. Tinadikira tonse awiri. Mpango unakhalabe pabondo.

Anakweza maso n'kunong'ona, osamwetulira, ngati munthu wopereka lipoti kwa mnzake wa ntchito.

"Watsika, a Mwale. Pitirizani, anthu akudikira."